Kumene mpweya umasanduka mwala: ulendo wa ku Hellisheiði, Iceland

Lolemba, Keflavík mpaka Reykjavík

Msewu nambala 41 wochokera ku bwalo la ndege la Keflavík ndi wa makilomita pafupifupi 50, ndipo mbali zonse ziwiri kuli miyala yakuda yokhayokha yomera ndere, mtengo osauona. Ndi chiphalaphala chimene chinatuluka pansi pa nthaka n'kuuma, mwala wake amautcha basalt. Chigawo chino cha Reykjanes chinagona zaka pafupifupi 800, kenako mu 2021 moto unabukanso, ndipo mu November 2023 anthu a m'tauni ya Grindavík anasamutsidwa.

Tabwera kudzaona makina okoka mpweya wa carbon dioxide (CO2) kuuchotsa m'mlengalenga, koma mwala uwu ndi theka la nkhani yonse. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake ndi zinthu za calcium, magnesium ndi chitsulo. Zimenezi zikakumana ndi CO2 wosungunuka m'madzi zimapanga mwala woyera wa mtundu wa laimu. Komanso basalt wa kuno ndi watsopano, wodzaza ming'alu ndi tizibowo, moti madzi amayenda mkati mwake.

Theka linalo ndi mpweya, ndipo chipsinjo chili kumeneko. Pa magawo 1 miliyoni a mpweya timapumawu, CO2 ndi magawo opitirira pang'ono 420. Mafakitale asanayambe anali pafupifupi 280. Kuchuluka kumeneku n'kokwanira kutenthetsa dziko, koma kwa munthu wofuna kumugwira, mpweyayo ndi wochepa zedi: mu kiyubiki mita imodzi muli CO2 wosakwana galamu imodzi, pafupifupi 0.8. Kuti mupeze tani imodzi muyenera kupititsa pa sefa makiyubiki mita 1.3 miliyoni, ndipo apo ndiye kuti sefayo sikuphonya kalikonse. Utsi wa siteshoni yamagetsi ya malasha uli ndi CO2 wochuluka kuwirikiza pafupifupi 300 kuposa pamenepa. Zonse zimene tione sabata ino, kukula kwa makina, mtengo, mavuto, zikuchokera pa masamu amenewa.

Lachiwiri, siteshoni ya Hellisheiði

Kuchoka mu Reykjavík mumatenga msewu nambala 1 kulowera kum'mawa, makilomita pafupifupi 30, kukwera mtunda mpaka m'tsinde mwa phiri la Hengill. Fungo la dzira lowola limafika galimoto isanaime. Ndi mpweya wa hydrogen sulphide umene umatuluka limodzi ndi nthunzi ya pansi. Mapaipi aakuluakulu otuwa atambalala m'mapiri monse, opindikapindika mwadala kuti chitsulo chikamafutukuka ndi kutentha asathyoke.

Siteshoniyi inayamba kugwira ntchito mu 2006, imapanga mamegawati 303 a magetsi ndi nthunzi ya pansi pa nthaka, ndipo imatumizanso madzi otentha ofunditsira nyumba mu Reykjavík. Imayendetsedwa ndi ON Power, nthambi ya kampani ya mzinda yotchedwa Orkuveita Reykjavíkur. Muli chipinda cha chionetsero chimene alendo amalowa, ndipo pawindo mumaona injini zozungulitsidwa ndi nthunzi.

Nthunzi ikamaliza ntchito imaziziritsidwa n'kusanduka madzi, koma pamatsala mpweya wosasanduka madzi: CO2 wochuluka, hydrogen sulphide, hydrogen ndi ina pang'ono. Kale yonseyi inkangopita kumwamba. Mu 2010 boma linaika malire a hydrogen sulphide wololedwa mu mpweya, chifukwa mphepo ikachokera kum'mawa fungo linkafika mumzinda, ndipo mpweyawu umadya zitsulo ndi zida zamagetsi. Lamulo limeneli ndi limene linafulumizitsa ntchito yokwirira mpweya pansi. Kuyambira mu 2014 pali nsanja yotsukira mpweya. Mpweyawo umakanikizidwa mpaka mabaa pafupifupi 6 (baa imodzi ndi pafupifupi presha ya mpweya wotizungulirawu) n'kulowa munsi mwa nsanja, madzi ozizira amagwa kuchokera pamwamba, ndipo CO2 ndi hydrogen sulphide zimasungunuka m'madziwo pamene hydrogen ndi zina zosasungunuka zimatulukira kumtunda. Madziwo amapita ndi paipi ku zitsime za ku Húsmúli, pafupi ndi siteshoniyi, kumene amalowetsedwa pansi. Nsanja yoyambayo inafika pogwira matani pafupifupi 12,000 a CO2 pachaka, pa mtengo wa madola pafupifupi 25 tani imodzi, kuphatikiza kugwira ndi kukwirira komwe. Ntchito yatsopano yotchedwa Silverstone inakonzedwa kuti izigwira matani 34,000, pafupifupi 95 peresenti ya CO2 wa siteshoniyi.

Izi si kuchotsa mpweya m'mlengalenga ayi, ndi kuutsekereza usanatuluke. Koma madola 25 amenewa muwasunge, mawa tidzawafuna.

Lachitatu, Orca ndi Mammoth

Orca ndi Mammoth ndi makina okoka CO2 m'mlengalenga aja, ndipo onse awiri ndi a Climeworks, kampani ya ku Switzerland imene Christoph Gebald ndi Jan Wurzbacher anayambitsa mu 2009 atachokera ku yunivesite ya ETH Zurich. Ali pafupi ndi siteshoni kuti azilandira kutentha ndi magetsi a pansi pa nthaka. Orca anatsegulidwa mu September 2021: makontena 8 osanjikizana awiriawiri, iliyonse yoyenera kugwira matani 500 pachaka, pamodzi 4,000. Mammoth anayatsidwa mu May 2024, anakonzedwa kuti akhale ndi makontena 72 ndi kugwira matani 36,000, koma poyamba anaika 12 okha.

Kontena iliyonse mbali imodzi ili ndi mizere ya mafani, mbali inayo ndi yotseguka polowera mpweya. Mkati muli zipinda, ndipo m'chipinda chilichonse muli sefa yodzaza timibulu tokhala ndi mankhwala a amine. Amine amakonda CO2: mpweya ukamadutsa, iye amagwira CO2 n'kusiya nitrogen ndi oxygen zipite. Sefa ikakhuta, patapita maola ochepa, zitseko za chipindacho zimatsekeka zolimba. Pampu imakoka mpweya wonse wotsala mkati. Kenako chipindacho chimatenthetsedwa mpaka madigiri pafupifupi 100, amine amataya chimene anagwira, ndipo CO2 amatuluka pamodzi ndi nthunzi ya madzi. Nthunziyo imaziziritsidwa n'kugwa ngati madzi, CO2 wokhayokha amapita ndi paipi ku nyumba ya makina. Sefa imayamba yazizira, ndiye zitseko n'kutsegukanso. Zipinda zimasinthana, zina zikukoka zina zikutenthetsedwa, kuti mapampu ndi mapaipi asamagone.

Ndondomekoyi muitsate bwino, chifukwa sitepe iliyonse ili ndi pogwera pake. Kukoka mpweya musanatenthetse si kungofuna CO2 woyera kokha: amine wotentha akakumana ndi oxygen amawonongeka osabwereranso. Choncho labala ya chitseko ikangotha pang'ono, kapena chipinda chikatsegulidwa chisanazizire, sefa imataya mphamvu mwakachetechete, ndipo mumazindikira miyezi itapita poona matani akuchepa. Ngakhale zonse zili bwino, sefa imafooka ndithu ndi kutenthetsedwa kambirimbiri, ndipo imafuna kusinthidwa. Kupanga sefa yatsopano nako kumatulutsa CO2.

Vuto lachiwiri ndi madzi. Amine sagwira CO2 yekha, amamwanso chinyezi, ndipo tsiku lamvula ngati lero amamwa chambiri. Chinyezi pang'ono chimamuthandiza kugwira CO2, koma madzi onsewo ayenera kutenthetsedwa ndi kuuluka, ndiye kutentha kwambiri kumathera pa madzi amene simukuwafuna. Vuto lachitatu lili pa makulidwe a sefa. Ikakhala yochindikala imagwira bwino, koma mafani amavutika kukoka mpweya ndipo magetsi amapita ambiri. Ikakhala yopyapyala mpweya umadutsa mosavuta CO2 ali momwemo. Makina atsopano amene Climeworks analengeza mu 2024 asiya timibulu n'kutenga sefa yokhala ndi tinjira towongoka, ndipo kampaniyo ikunena kuti idzadula mphamvu yofunika ndi theka. Zimenezi tidzazikhulupirira zikaoneka pa matani okwiriridwa.

Ndiye pali malo ano eni ake. Kuzizira kumathandiza amine kugwira, koma m'nyengo yachisanu chipale chimawombedwa ndi mphepo kulowa m'makontena, madzi amaundana pa zitseko ndi m'mapaipi, ndipo hydrogen sulphide wa m'derali amachititsa dzimbiri. Makina oyesedwa m'nyumba ku Zurich amakumana ndi zina pa mtunda uwu.

Za mphamvu: malamulo a sayansi amati tani imodzi singagwidwe ndi mphamvu yochepera pa 125 kWh (mayuniti a mphamvu amene timagulira magetsi) kapena cha pompo. Makina a mtundu uwu amadya pakati pa 1,500 ndi 2,000 kWh za kutentha, kuphatikiza mazana angapo a kWh za magetsi. Magetsi a malasha amatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi ya CO2 pa kWh iliyonse, choncho mutayendetsa zonsezi ndi malasha, mutulutsa matani pafupifupi awiri pofuna kugwira imodzi. N'chifukwa chake makinawa ali pano, osati pafupi ndi mzinda wautsi.

Madzulo ano takhala pa masamu, ndipo ndi olemera. Matani 4,000 kapena 36,000 ndi zimene makina angachite atagwira ntchito chaka chonse osaima, sefa zili zatsopano. Pamenepo muchotse masiku okonza, kufooka kwa sefa, CO2 wotayika m'njira, ndi CO2 yense amene anatuluka popanga zitsulo, simenti, sefa ndi magetsi. Chotsalacho ndiye chochotsedwa chenicheni. Mu May 2025 nyuzipepala ya kuno ya Heimildin inalemba kuti makina onse a Climeworks mu Iceland anali atagwira matani pafupifupi 2,400 okha chiyambire 2021. Mammoth m'miyezi khumi yoyamba anagwira pafupifupi 750, ndipo atachotsera zonse zija panatsala 105. Mwezi womwewo kampaniyo inalengeza zochotsa antchito oposa 100. Mtengo wa tani imodzi uli pafupi ndi madola 1,000, kuwirikiza 40 kuposa wa nsanja ya dzulo ija, ndipo olipira kuti CO2 achotsedwe ndi makampani olemera monga Microsoft, Stripe ndi Swiss Re.

Dziko lonse limatulutsa matani pafupifupi 37 biliyoni pachaka kuchokera ku malasha, mafuta, gasi ndi simenti, ndiye kuti pafupifupi 1,200 pa sekondi iliyonse. Mammoth atadzaza n'kumagwira bwino chaka chonse angachotse utsi wa theka la mphindi. Sitikunena izi monyoza anthu ogwira ntchito pa mphepo iyi. Ndege, simenti ndi ulimi zidzatulutsabe mpweya wina umene sungatsekerezedwe, ndipo CO2 wa kale ali kumwamba kale, wina ayenera kuphunzira kumutsitsa. Koma aliyense wonena kuti tipitirize kuwotcha mafuta poti makina adzayeretsa, abwere aime pano aone.

Lachinayi, zitsime za Carbfix

Timanyumba tozungulira tasiliva timene tamwazikana m'chigwa ndi totchinjiriza pakamwa pa zitsime ku chipale. Mkati mulibe zambiri: paipi yolowa pansi, mavalavu, ndi zoyezera presha ndi kuchuluka kwa madzi. Apa ndi pa Carbfix, ntchito yokwirira CO2 m'mwala imene inayamba mu 2007 mogwirizana pakati pa Orkuveita Reykjavíkur, yunivesite ya Iceland, bungwe la CNRS ku Toulouse ndi yunivesite ya Columbia. Mwa asayansi oyambitsa munali Sigurður Gíslason ndi Wallace Broecker.

M'mayiko ena CO2 amakanikizidwa n'kupopedwa pansi yekha. Koma iye ndi wopepuka kuposa madzi a pansi, amafuna kukwera, choncho pamafunika mwala wolimba wotseka pamwamba ndi kulondera zaka zambiri. Carbfix amayamba amusungunula m'madzi, monga mmene alili m'botolo la Fanta losatsegula. Madzi okhala ndi CO2 ndi olemerapo kuposa madzi wamba, ndiye amamira okha. Chofunika n'chakuti presha isatsike: ikatsika thovu limatuluka, ndipo thovu limakwera. Pa kuyesa koyamba madzi ndi mpweya zinkatsika m'mapaipi osiyana, n'kukumana pa mamita pafupifupi 350 pansi, pamene kulemera kwa madzi a pamwamba kumakwana kusungunula timathovu tonse, bola madzi azitsika mofulumira kuposa mmene thovu lingakwerere. Ku Mammoth kusungunulako kumachitikira pamtunda, mu nsanja. Mlingo wake ndi matani pafupifupi 25 a madzi pa tani imodzi ya CO2.

Madzi amenewa ndi asidi, pH yake (mlingo wa asidi) ili pakati pa 3 ndi 4. Akatuluka m'chitsime amadya basalt n'kumasula calcium, magnesium ndi chitsulo. Akamapita patsogolo m'ming'alu asidi amatha, ndipo zitsulozo zimagwirana ndi CO2 n'kuuma kukhala calcite, mwala woyera wa laimu uja, ndi miyala ina ya mtundu wake. Hydrogen sulphide amasanduka pyrite, kamwala konyezimira ngati golide. Luso lake lagona apa: pafupi ndi chitsime mwala umasungunuka ndipo njira zimatseguka, kuuma kumachitikira kutali. Zitatembenuka, chitsime chingatsekeke m'masabata ochepa.

Mu 2012 anathira matani 175 a CO2 yekha, kenako matani 73 osakaniza ndi hydrogen sulphide, pa kuya kwa mamita 400 mpaka 800. Anathiramo zizindikiro ziwiri. China chinali mankhwala osagwirana ndi mwala, osonyeza kuti madzi afika liti pa chitsime choyezera. China chinali carbon 14, mtundu wa carbon wozindikirika poyeza, woyenda ndi CO2 mwiniwake. Pa chitsime choyezera chizindikiro choyamba chinafika, koma carbon 14 anafika wochepa kwambiri: anatsala m'njira, m'mwala. Zotsatira zinatuluka mu magazini ya Science mu 2016: oposa 95 peresenti anasanduka mwala zaka ziwiri zisanathe, pamene ambiri ankayembekezera zaka mazana. Umboni wina unabwera wokha. Pampu ya m'chitsime choyezera inaima, ndipo ataitulutsa anaipeza itakutidwa ndi calcite wokhala ndi carbon 14 yemwe uja.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Pothira mpweya wosakaniza uja madzi anayamba kulowa movutikira, chifukwa tizilombo tosaoneka ndi maso ta pansi tinapeza chakudya, tinaswana n'kutseka ming'alu. Ku Húsmúli vutoli silikhalapo, poti madzi amapita ku mwala wotentha madigiri oposa 200, kumene tizilombo sitikhala ndipo kuuma kumatenga miyezi chabe.

M'chionetsero muli zidutswa za mwala zobooledwa kuchokera pansi: zakuda, tizibowo todzaza zoyera. Mbali iyi ya ntchito ndi yotsimikizika ndiponso yotsika mtengo. Mwala uli wokonzeka kulandira wochuluka kuposa amene mafani akubweretsa.

Lachisanu, Hveragerði

Msewu umatsika phiri mokhotakhota mpaka m'katauni aka ka akasupe otentha ndi nyumba zagalasi zolimiramo tomato, nkhaka ndi maluwa. Anthu a kuno amadziwa mbali ina ya kupopera madzi pansi. Mu September 2011 siteshoni itayamba kubwezera madzi ake ambiri ku Húsmúli nthawi imodzi, kunayamba tizivomezi tambirimbiri, ndipo mu October ziwiri zinafika pa mlingo wa pafupifupi 4, nyumba kuno n'kugwedezeka. Munalibe CO2 m'madzi amenewo, koma phunziro lake ndi limodzi: madzi ozizira olowa mwamphamvu m'ming'alu yotentha amamasula miyala imene inali yokanikizana kale. Tsopano madzi amawonjezeredwa pang'onopang'ono, zoyezera zivomezi zikuwerengedwa, ndipo anthu amauzidwa kusintha kwakukulu kusanachitike.

Nyumba zagalasizi zatikumbutsa makina oyamba a Climeworks ku Hinwil, Switzerland, a mu 2017, amene ankagwira mpaka matani 900 pachaka n'kugulitsa CO2 kwa alimi a ndiwo zamasamba. Mbewu zimakula msanga ndithu, koma nkhaka ikadyedwa CO2 amabwerera kumwamba. Chimodzimodzi wa m'zakumwa ndi wopangira mafuta. Kugwiritsa ntchito n'kwina, kuchotsa n'kwina, ndipo wogulitsa akasakaniza ziwirizi mumufunse kuti mpweyawo udzakhala uli kuti zaka 100 zikubwerazi.

Mvula yatitsekera m'nyumba, ndiye tatchulako za njira zina. Kampani ya Carbon Engineering ya ku Squamish, Canada, imagwira CO2 ndi madzi a potassium hydroxide, kumusandutsa timibulu ta laimu, n'kutiwotcha pa madigiri 900 kuti atuluke. Kampani ya mafuta ya Occidental inaigula mu 2023 pa madola 1.1 biliyoni, ndipo makina ake a Stratos ku Texas anakonzedwa kuti azigwira matani 500,000 pachaka. Heirloom ku Tracy, California, amayanika laimu wowotcha m'mathireyi osanjikizana kuti amwe CO2 m'masiku ochepa. Njira zimenezi zilibe sefa yodula yowonongeka ndi oxygen, koma madigiri 900 sangachokere m'madzi otentha a pansi, amafuna gasi kapena ng'anjo yamagetsi.

Loweruka, Straumsvík ndi Helguvík

Pa msewu wobwerera ku bwalo la ndege, kungopitirira tauni ya Hafnarfjörður, pali fakitale yaitali ya aluminiyamu ya Straumsvík ndi doko lake. Apa ndi pamene Carbfix inafuna kumanga Coda Terminal: sitima zizibweretsa CO2 wa m'mafakitale a ku Ulaya, mpaka matani 3 miliyoni pachaka, n'kumukwirira m'chiphalaphala cha kuseri kwa tauni. European Union inalonjeza mayuro 115 miliyoni. Koma matani 3 miliyoni kuchulukitsa ndi 25 ndi matani 75 miliyoni a madzi chaka chilichonse, ndipo zitsime zikanakhala pafupi ndi nyumba za anthu. Anthu anafunsa za madzi a pansi, za zivomezi, ndi za zinyalala zina zimene zingabwere mu mpweya wa m'mafakitale a eni. Zikwi zinasaina kalata yokana, ndipo mu 2025 Carbfix inasiya malowa. Mafunso amenewo anali oyenera, ndipo mayankho ake anayenera kufika kwa anthu mapulani asanajambulidwe.

Ku Helguvík, pafupi ndi Keflavík, kuli chitsime chimodzi chaching'ono chimene chingathe kusintha nkhani ya madziyi. Mu 2023 anayamba kuyesa kusungunula CO2 m'madzi a m'nyanja yamchere. Mpweya wake unkabwera m'makontena kuchokera ku Switzerland, m'ntchito yotsogoleredwa ndi ETH Zurich. Madzi amchere amasungunula CO2 wochepako, choncho pamafunika ochulukirapo kapena presha yokwererapo, ndipo amadya mapaipi. Amabweranso ndi calcium ndi magnesium wawo, zomwe zimathandiza. Choopsa ndi mchere wina wa m'nyanja wotchedwa sulphate: mwala ukatentha kwambiri amauma kukhala mwala wa anhydrite, amene amatseka ming'alu n'kulanda calcium. Choncho madzi amchere amafuna mwala wofunda, osati wotentha ngati wa ku Húsmúli, ndipo zitsime zoyezera za kuno zikuyang'ana ngati njira za madzi zikhalebe zotseguka.

Zikatheka, magombe a basalt ndi pansi pa nyanja zikuluzikulu padzatseguka. Malo akutali ndi nyanja sadzapindula nazo. Ku Kenya, m'chigwa cha Rift Valley, kuli basalt ndi nthunzi ya pansi, ndipo kampani ya komweko ya Octavia Carbon yamanga makina ake a amine pafupi ndi Gilgil, mogwirizana ndi a kampani ya Cella amene amakwirira CO2 pansi. Kumeneko chipale kulibe, koma kuli fumbi lotseka sefa, kutentha kwa masana kumene kumachepetsa mphamvu ya amine yogwira, ndipo matani 25 a madzi pa tani iliyonse angafune kuchoka m'zitsime zimene anthu ndi ziweto amamwa. N'chifukwa chake Cella akuyesa kuthira CO2 ndi madzi mosinthanitsa, kuti madzi apite ochepa.